Madzi a Atsibweni Andireya

Ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji ine bambo wanu kugwira ntchito ya mpingo moyo wanga wonse osavala kolala ya ubusa, pamene ana amene ndinawagwira dzanja powaphunzitsa kulemba anavala. Nthawi zonse ndakhala ndikukuyankhani kuti Mulungu sanafune. Limenelo ndi bodza, ndipo ndatopa nako kumunamizira Mulungu. Maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndati ndilembe zoona zake ndisanapite. Wokhumudwa akhumudwe.

1935, ku Rivirivi

Ntchito ndinayamba ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Mzungu woyang'anira mishoni yathu cha ku Balaka tinkamutcha Bwana Ndevu, chifukwa ndevu zake zinkafika pachifuwa ndipo akamaganiza ankazitafuna. Iyeyu ndiye ananditumiza ku Rivirivi kukakhala mphunzitsi ndi mlaliki pamodzi. Anandipatsa masileti asanu ndi limodzi, choko chosadzaza bokosi, ndi chidutswa cha chitsulo chimene omanga njanji anataya, kuti ndikachipachike mumtengo chikhale belu. Za chikhristu changa munthu ameneyu anandifunsa funso limodzi lokha, kalekale pondilandira pa sukulu yake ndili mnyamata. "Filipo, unabatizidwa?" Ndinati, "Inde Bwana, kwathu kwa Apwitikizi, ndili mwana." Anatafuna ndevu, nalemba dzina langa, nkhani n'kuthera pomwepo. Funso limeneli mulisunge, libweranso.

Ku Rivirivi ndinali zonse. M'mawa ndinkaphunzitsa ana, ambiri akulemba pansi ndi chala chifukwa masileti sankakwana, ndipo nyengo yokolola thonje ndinkachita kuwalondola m'minda ndi kukangana ndi makolo awo. Masana ndinali ndi kalasi ya akuluakulu okonzekera ubatizo. Lamulungu ndinkalalikira. Wina akadwala ankaitana ine, banja likagwedezeka ankaitana ine, maliro ndinkaika ndine. Zinthu ziwiri zokha ndizo zinali zoletsedwa kwa ine, kubatiza ndi kugawa Mgonero. Zimenezo zinali za mbusa wodzozedwa. Chikho cha Mgonero chinkayenda m'kabokosi kokhala ndi loko, komangidwa kumbuyo kwa njinga yamoto ya Bwana Ndevu, ndipo chinkatifika kawiri pachaka, chilimwe chokha, pakuti dzinja mtsinje wa Rivirivi ukadzaza suwolokeka. Bwana ankafika m'mawa, n'kubatiza anthu amene ine ndinavutika nawo zaka ziwiri, mayina awo akuchita kunong'onezedwa ndi ine, madzulo n'kubwerera atamangirira nkhuku za mphatso. Sindinkadandaula. Tsiku lina ndikumuthandiza kumanga kabokosi kaja anandigwira paphewa nati, "Ukagwira ntchito bwino, Filipo, tsiku lina kabokosi aka uzidzanyamula ndiwe." Mawu amenewo ndinawadya zaka khumi ndi zitatu. Ndinakwatira nawo mayi wanu, ndinabereka nawo iwe Rute ndi mlongo wako, denga likudontha ine ndikungomwetulira ngati chitsiru.

1941, ku Chiuta

Ku Chiuta ananditumiza chifukwa ndimalankhula Chilomwe. Kumeneko, pakati pa Ayao achisilamu, kunali kagulu ka Akhristu ochokera kwathu kutsidya kwa malire, ndipo pakati pawo panali agogo anu, mayi anga ondibereka, ndi mbumba yathu. Pano ndiyenera kukuuzani za atsibweni anga a Andireya, achimwene awo a amayi, pakuti mwini nkhani yonseyi ndi iwowo.

A Andireya anapita ku Mulanje kukagwira ntchito m'minda ya tiyi. Kumeneko anaphunzira kuwerenga, nabatizidwa ndi mbusa weniweni, nabwerera kwathu ndi Malembo m'thumba. Apwitikizi sankalola chipembedzo chathuchi, ndiye ankatiphunzitsa mobisa pakati pa munda wa chinangwa. Mbusa woti awoloke malire kudzatibatiza panalibe. Anadikira zaka zinayi. Chaka chachinayi ang'ono awo a amayi anamwalira pobereka asanabatizidwe, ndipo atsibweni, potchula Mulungu m'Chilomwe chathu, anati, "Iyayi, mwini mbumba ndine. Ndikadikirabe, Muluku adzafunsa ine, sadzafunsa Mzungu." M'mawa wina anatitengera tonse kukamtsinje ka kuseri kwa mudzi, anthu khumi ndi atatu, natibatiza mmodzimmodzi. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndikukumbuka kuzizira kwa madziwo m'miyendo, ndi dzanja lawo lokhakhala pamutu panga likununkha chinangwa, ndipo potchula dzina langa ankalira. Sipanathe mwezi, wina anakawaneneza. Asilikali a Apwitikizi anawamenya m'manja ndi mbalamatodya, thabwa lija lobowolabowola, mpaka manja anaphulika, kenaka anawatengera ku chibalo cha msewu. Sanabwereko. Amayi anatitenga n'kuthawira kuno.

Ku Chiuta ndinakhalako nthawi ya nkhondo. Choko chinatha, ndinkalemba ndi khala pa thabwa la bwato losweka. Mchere kusowa, nsalu kusowa, mafuta a njinga yamoto nawo kusowa, moti Bwana Ndevu sanapondeko zaka zitatu. Anthu a m'kalasi analoweza mayankho onse mpaka kutopa nawo, ubatizo osaoneka. Shehe wa pamudzipo, munthu wanthabwala amene tinkamvana, ankandiseka ndikamadutsa poyanika matemba. "A ticha, madzi a Mulungu wanu amabwera pa njinga yamoto eti? Nanga awa adzaza m'nyanjamu ndi a yani?" Ndinkaseka naye, koma mumtima zinkandibaya. Ndiye mkulu wina wa m'kalasi mwanga, msodzi wokalamba dzina lawo a Nampeya, anadwala chifuwa. Anandiitanitsa dzuwa lili paliwombo, n'kundigwira mkono. "Aphunzitsi, ine ndikupita. Madzi ali mumtsukomo. Tandibatizani." Ndinati sindingathe, lamulo silindilola, Mulungu amaona mumtima. Anatembenukira kukhoma, ndipo mawa lake anamwalira. Amayi atamva anandiuza pamaso pa mayi wanu, akunditchula mwana wawo m'Chilomwe, kuti, "Mwanaka, atsibweni ako sakanadikira." Ndinawayankha mwamwano kuti nthawi zinasintha, tsopano mpingo uli ndi dongosolo. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kutaya kabokosi kaja.

1948, ku mishoni

Bwana Ndevu atakalamba anabwerera kwawo, ndipo m'malo mwake munabwera wachinyamata amene tinamutcha Bwana Magalasi. Anali wophunzira zedi, izo sindingamulande. Anaitana alaliki asanu ndi mmodzi ku mishoni kuti atiphunzitse, opambana apite ku sukulu ya ubusa. Wamkulu pa onse ndinali ine. Wamng'ono anali Wilisoni, amene ndinamuphunzitsa ndekha ku Rivirivi akulemba pa dothi. Tsiku limene kalata yondiitana inafika ku Chiuta, mayi wanu anaimba nthungululu mpaka Asilamu anatuluka m'nyumba kufunsa ngati kwabadwa mwana.

Phunziro limene Bwana Magalasi ankalikonda linali mbiri ya ansembe a Aisraeli, ndipo nane linandikoka mtima. Ine ndinkaganiza kuti unsembe unachita kutsika kumwamba uli wathunthu, ndi mikanjo yake yomwe. Iye anati iyayi, unakula pang'onopang'ono. Pachiyambi kunalibe wansembe. Mwini banja ndiye ankaunjika miyala, kupha nkhosa ndi kupempherera anthu ake. Patsogolo pake anthu anayamba kukhala ndi timalo topembedzera m'midzi ndi pazitunda, ndipo munthu ankatha kuika mwana wake yemwe kuti akhale wansembe, kapena kulemba ntchito Mlevi wongoyendayenda n'kumamupatsa chakudya ndi chovala. Apa tonse tinaseka, chifukwa Mlevi ameneyo anali ife ndendende. Kenaka mafumu anamanga Nyumba yaikulu ku Yerusalemu, banja lina la ansembe linakula mphamvu, lina linathamangitsidwa kuti likalime kumudzi. Ndiye kunadza mfumu Yosiya, amene anagumula maguwa onse a m'midzi nati nsembe iziperekedwa malo amodzi basi. Ansembe a kumidzi anawasonkhanitsa, chakudya ankadya nawo, koma kuguwa la ku Yerusalemu sankakwerako. Mapeto ake ansembe anatsala ana a Aroni okha, Alevi ena onse anasanduka alonda a pachipata, oimba nyimbo ndi otsuka ziwiya. Titamva kuti unsembewo unkatsata kuchimuna, bambo n'kusiyira mwana wake, mnzathu wina anati, "Bwana, kukanakhala kwathu kuno akanalowa ndi mwana wa mlongo wake wa Aroni." Bwana sanaseke, anangolemba m'kabuku kake. Munthu ameneyo ankalemba chilichonse.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lobwereza phunzirolo Bwana anafunsa ngati alipo angapereke chitsanzo cha unsembe wa mwini banja kuchokera m'miyambo ya kwathu. Ankayembekeza kumva za nsembe za ufa patsinde pa mtengo. Ine, pofuna kuonetsa kuti ndamvetsa kuposa anyamatawo, ndinaimirira n'kufotokoza za atsibweni a Andireya, za munda wa chinangwa, za kamtsinje, za mbalamatodya, osasiyako kanthu. Ndinafotokoza monyadira, ndikuganiza kuti Mzunguyu agwetsa misozi. Bwana anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"A Andireya amenewo anadzozedwa ndi yani?"

"Sanadzozedwe, Bwana. Anali mwini mbumba, monga mmene munatiphunzitsira."

"Ndipo iwe, wina anakubatizaponso?"

"Iyayi Bwana. Munthu amabatizidwa kamodzi."

"Ena amene anabatizidwa tsiku limenelo ali kuti?"

Kalanga ine! Ndinatchula mayina a onse amene anali moyo, asanu ndi awiri, kuyambira amayi. Ndinkati ndikumuonetsa Mzunguyo zipatso za ntchito ya atsibweni. Iye anali kulemba.

Patatha masabata awiri anandiitanira ku ofesi. Anati nkhani yanga wakambirana ndi Azungu anzake, ndipo mwa malamulo a mpingo ubatizo wochitidwa ndi munthu wosadzozedwa si ubatizo. Choncho ine ndi asanu ndi awiri aja tiyambe taleka kudya Mgonero. Ine, amene ndinakonzekeretsa anthu ubatizo zaka khumi ndi zitatu! Ndinayesa kumubaya ndi mkondo wake womwe. "Bwana, munanena nokha kuti pachiyambi mwini banja ndiye anali wansembe. Kwathu kunali pachiyambi. Kunalibe Yerusalemu, kunalibe njinga yamoto." Anati, "Zoona, koma Mulungu sanawasiye Aisraeli pachiyambi. Dongosolo linabwera." Ndinati, "Nanga dongosololo litabwera, nsembe za makolo aja zinafafanizidwa?" M'malo moyankha anandiuza gawo lotsiriza la mbiri ija. Ati Aisraeli atabwerako ku ukapolo, mabanja ena a ansembe anafunafuna mayina awo m'kaundula wa mibado osawapeza, ndipo anachotsedwa pa unsembe n'kuletsedwa kudya zopatulika. "Si kuti anali anthu oipa, Filipo. Mayina awo sanapezeke, basi. Koma iwe uli ndi mwayi umene iwo analibe. Ubatizidwe bwinobwino, dzina lako lilowe m'kaundula, njira ya ubusa itseguka."

1949, chaka cha njala

Maphunziro athu anaima chifukwa cha njala, aliyense anabwerera kwawo kukasaka chakudya. Ndinayenda wapansi kuchoka ku Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Chiuta kumene ndinakusiyani. Ndinapeza anthu akudya mizu ya m'madambo, ndipo inu ana munali mutatsala mitu yokha. Kalata ya Bwana yotiletsa Mgonero inali itafika kale kwa akulu a mpingo. Amayi ndinawapeza pakhonde akupala mizu ija, ndipo sanandipatse ndi moni womwe.

"Ndamva kuti wakatigulitsa."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwafotokozera kuti ndi mwambo chabe, madontho atatu basi, tonse asanu ndi atatu tikabatizidwire pamodzi nkhani ithe.

"Pobatizapo amafunsa chiyani?"

Ankadziwa kuti ndikudziwa, pakuti mafunsowo ndinkaphunzitsa ndine. Ndinati, "Kwa munthu wamkulu amafunsa ngati anabatizidwapo kale."

"Iwe ukayankha chiyani?"



Anaika mpeni pansi. "Ine ndinawaona manja a achimwene anga ataphulika. Anawamenya chifukwa cha madzi amene ali pamutu pakopo. Mpwitikizi anavomera kuti unali ubatizo, n'chifukwa chake anawapha. Lero Mngelezi akuti sunali ubatizo. Ndiye anafera chiyani? Anafera kukusambitsa? Ine sindipitako. Mgonero wawowo adye okha."

Mayi wanu analankhula zina. Anati, "Bambo a Rute, ana a abusa amapita ku sukulu zapamwamba, ana a alaliki amathera kuyanika matemba. Tayang'anani anawa. Akufa sadya." Sindikuwaimba mlandu, anali mayi woona ana ake akuwonda, ndipo wosankha ndinali ine. Ndinalimbana nazo miyezi yambiri. Ndinadziuza kuti ndikakhala mbusa ndidzabatiza aliyense nthawi yake, sipadzakhalanso wina wotembenukira kukhoma ngati a Nampeya. Ndinadziuza kuti ndikavala kolala ndidzaimirira pa msonkhano wa abusa n'kuyeretsa dzina la atsibweni. Ndinkafuna kusunga atsibweni mumtima, ubusa m'manja, kuiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa. Zifukwa zonsezo zinali zokongola, koma pansi pake panali chimodzi, ndinkaifuna kolala. Ndinkaifuna ngati mmene munthu wanjala amafunira chakudya, ndipo ndikulemba izi ndi manyazi.

1950, tsiku la ubatizo

Linali Lamulungu, tchalitchi cha pamishoni chitadzaza mpaka pakhomo. Ndinagwada pamzere umodzi ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wa ana anga, ine munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, imvi zitayamba kale. M'mabenchi munali anthu a ku Rivirivi amene ndinawakonzekeretsa ubatizo ndekha, ndipo ndinkamva akunong'onezana. Beseni la madzi ananyamula ndi Wilisoni, maso ali pansi. Bwana Magalasi atafika pa ine anafunsa, "Filipo, kodi unabatizidwapo kale?" Ndinamva kuzizira kwa kamtsinje kaja m'miyendo. Ndinati, "Iyayi." Mawuwo anatuluka otsamwa, ndipo Bwana anati, "Kweza mawu, mpingo umve." Ndinakweza. "Iyayi!" Madzi ake anali ofunda, anandiyenderera kuseri kwa khutu n'kulowa m'malaya. Potuluka anandipatsa khadi la ubatizo, dzina langa litalembedwa bwino ndi inki. Mwa asanu ndi awiri aja, asanu ndi mmodzi anadzatsata mapazi anga, poti aphunzitsi awo ndinali nditayamba. Amayi okha ndiwo anakana.

1951, ku Nselema

Mayina a opita ku sukulu ya ubusa atatuluka, la Wilisoni linalipo, langa panalibe. Ndinapita ku ofesi ndikuganiza kuti kalaliki waiwala. Bwana anatsegula buku la malamulo n'kuloza ndi chala. Ati munthu asanalowe sukulu ya ubusa akhale atatha zaka khumi chibatizidwire, ndipo asakhale wopitirira zaka makumi anayi. "Mwa kaundula, Filipo, iwe uli ndi chaka chimodzi mumpingo." Sizinafune munthu wophunzira kuti aone kuti zaka khumizo zikadzakwana ine ndidzakhala nditapitirira msinkhu. Chitseko anachitsegula, kuseri kwake kuli khoma. Ndinafunsa, "Bwana, lamuloli munkalidziwa pamene munkandiuza kuti njira itseguka?" Anati anayesa kundipemphera kwa anzake koma anakana. Mwina anayesadi, sindikudziwa. "Nanga zaka zanga za ku Rivirivi ndi ku Chiuta?" Anati, "Mulungu akuzidziwa." Apa mtima unandipsa. Ndinati, "Bwana, Mulungu akudziwanso za kamtsinje kaja, koma simunamufunse." Anafiira mpaka m'makutu. Mwezi womwewo ndinalandira kalata yondisamutsira ku Nselema.

Ku Nselema kunali katchalitchi kaudzu kuseri kwa masitolo a Amwenye, ndipo tsiku la msika mawu anga ankapikisana ndi ogulitsa nsomba ndi fodya m'mbali mwa msewu. Ntchito inali yomwe ija, sukulu, kalasi, odwala, maliro. Patatha zaka zitatu Wilisoni anabwera atavala kolala, mbusa wa dera lathu lonse, kabokosi kaja kali kumbuyo kwa njinga yake yakapalasa. Ndinkamuimbira belu, kumusesera m'tchalitchi, kumutsukira chikho, ndi kumumangira kabokosiko akamapita. Mwana uja analibe mlandu. Mpaka imfa yake ankanditchula kuti aphunzitsi, ndipo ndikamatsuka chikho ankayang'ana kumbali. Mbiri ya ansembe ija ndaiwerenga kambirimbiri kuyambira nthawi imeneyo. Ndafunafuna pamene analemba zimene ansembe a kumidzi aja ananena tsiku limene anaona maguwa awo akugumulidwa, anthu amene anapempherera midzi yawo zaka ndi zaka kulibe wina wowathandiza. Sindinapapeze. Cholembera chinali m'manja mwa amene anatsala paguwa.

Amayi ndinawatenga kudzakhala nafe ku Nselema. Kutchalitchi sankajomba. Ankakhala kumbuyo, ndipo ikakwana nthawi ya Mgonero ankatuluka okha n'kukakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi odulidwa chifukwa cha mowa ndi chigololo, mayi amene sanabepo ndi dzira lomwe. Ine ndinkawaona pazenera ndili ndi mkate m'kamwa. Sanandikalipirenso, anangonditcha dzina. Iwe Rute ukukumbuka, ndikamatsogolera pemphero la pabanja ankakugwedeza n'kunena kuti, "Tamverani Mkhristu wa dzana akupemphera." Inu munkaseka, simunkadziwa kanthu.

1955

Amayi anadwala nthawi yokolola. Wilisoni atamva anapalasa njinga kuchokera kutali, nafika masana thukuta lili kamukamu. Anagwada pafupi ndi mphasa yawo nati, "Agogo, ndiloleni ndikubatizeni pompano, m'nyumba muno, popanda anthu. Chikho ndabwera nacho, mudye Mgonero musanapite." Amayi anamusisita dzanja. "Zikomo mwanangu, mtima wako ndi wabwino. Koma madzi akowo ukawapatse amene alibe. Ine anga ndili nawo." Wilisoni anatuluka akupukuta m'maso, ine n'kutsala nawo ndekha.

Anandikodola kuti ndisendere. "Mwanaka, ine ndikupita kumene kuli atsibweni ako. Akandifunsa za iwe, poti ankakukonda kuposa ana awo. Ndikawauze chiyani?"

Ine mlaliki, amene ndinali ndi mawu pa maliro onse a ku Rivirivi ndi ku Chiuta, ndinasowa chonena. Anadikira, nadikirabe. Kenaka anapumira m'mwamba nati, "Chabwino. Ndikangoti uli bwino." Anamwalira dzuwa lisanalowe.

Ntchito ndinaigwirabe zaka zambiri pambuyo pake, mpaka anandipumitsa ndi bulangete limodzi ndi mawu okoma. Azungu anapita, malamulo aja ena anasinthidwa, koma palibe anabwera kudzafunsa za a Andireya. Bwana Magalasi ndinamukhululukira masiku ena, masiku ena iyayi. Iye anangofunsa funso, woyankha ndinali ine.

Tsono ana anga, mverani chimene ndalembera zonsezi. Khadi lija lili m'sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa jekete lakuda. Ndikadzamwalira akulu a mpingo adzalifuna kuti alembe mbiri yowerenga pamaliro. Musadzawapatse, ndipo musadzaliike m'bokosi mwanga. Mbiri yanga udzanene ndiwe Rute, poti ndiwe wamkulu. Udzaimirire n'kunena kuti Filipo anabatizidwa ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, m'kamtsinje ka kuseri kwa mudzi wakwawo, ndi atsibweni ake a Andireya, mwini mbumba. Akadzakugwira mkono n'kukunong'oneza kuti zimenezo m'kaundula mulibe, usadzakhale pansi mwana wanga. Udzakweze mawu, mpingo umve.